Khwekhwerere usafe ndi mphwayi

Kukamacha pa Bembeke, pa Lizulu ndi pa Masasa, matumba a mbatata ya kachewere, madengu a tomato ndi milu ya kabichi zimakhala zitandandalikidwa kale m'mbali mwa msewu kudikira galimoto. Nthawi yomweyo kumunsi, ku Monkey Bay, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, amayi a geni amakhala ali kalikiliki kumanga madengu a usipa ndi utaka komanso kusoka matumba a mpunga. Dzuwa likamafika paliwombo, katundu wa kumtunda amakhala atatsika, wa kunyanja atakwera, ndipo yenseyo wadutsa pamalo amodzi: m'makona a Khwekhwerere.

Msewuwu umapatuka pa Masasa mumsewu waukulu wa M1, n'kudzera pa Mganja mpaka kukatsikira pa Golomoti pomwe umakumana ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5. Kuchoka pamenepo, wapaulendo amatenga msewu wa M10 kulunjika ku Monkey Bay. Kwa mlendo, Khwekhwerere ndi malo oimitsa galimoto n'kujambula chithunzi cha chigwa ndi nyanja yooneka chapatali. Kwa banja la ku Dedza, msewuwu ndi fizi ya mwana, ndiwo za madzulo komanso njira ya ambulansi. N'chifukwa chake nkhani yosamala msewu umenewu siyofunika kusiyira mainjiniya okha.

Kuti munthu amvetse mtengo wa msewuwu, ayambe waona kutalika kwa phiri lomwe umatsika. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali madzi a nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475 okha. Apa ndiye kuti wochoka pa Boma kupita kugombe amatsika mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kutsikaku limachitika pakamtunda kochepa. Amachoka atavala juzi, n'kukafika pa Golomoti thukuta lili kamukamu.

Chiphedi chimenechi chili ndi mbiri yake. Akatswiri a za nthaka amafotokoza kuti zaka mamiliyoni zapitazo nthaka ya kum'mawa kwa Africa idang'ambika, mbali ina n'kutitimira, ina n'kutsala pamwamba. M'chigwa chomwe chidatitimiracho ndi momwe muli nyanja ya Malawi lero, ndipo m'mphepete mwake mudatsala makoma a miyala monga a ku Dedza, a ku Chiweta ndi a ku Livingstonia. Nthakayi siidagonebe. Akuluakulu akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989 chomwe chidagwetsa nyumba m'dera la Salima ndi madera oyandikana nalo, komanso zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009. Womanga msewu pamalo otere amamanga pathanthwe lokhala ndi ming'alu.

Kusanabwere galimoto, anthu ankakwera ndi kutsika phirili wapansi, m'tinjira ta miyendo. A kunyanja ankasenza nsomba zouma, a kumtunda ankatsika ndi nyemba ndi chimanga. Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua patsinde pa phiri m'chaka cha 1902, ndi ya Bembeke pamwamba pake m'chaka cha 1910, ulendo wa pakati pa malo awiriwa udali wa miyendo ndithu. M'masiku a atsamunda, katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo azungu ankanyamulidwa pamachila. Amuna omwe ankasenza machila m'zitunda ngati zimenezi maina awo sadalembedwe paliponse, koma ndi mapazi awo omwe adayamba kuonetsa pomwe phiri limalola munthu kudutsa.

Kumpoto, a mishoni ya Livingstonia adakumana ndi vuto lomweli. Dr Robert Laws atasamutsira likulu la mishoni pamwamba pa phiri ku Khondowe m'chaka cha 1894, padafunika njira yokwezera katundu wotsika m'sitima panyanja. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1900 kudasemedwa msewu wa Gorodi, wochokera ku Chitimba, wokhala ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Kudalibe mathirakitala kapena makina okumbira. Ntchito idagwirika ndi manja a anthu, makasu, mapiki ndi mafosholo. Mpaka lero dalaivala wokwera Gorodi amadziwa kuti akuyenda pathukuta la makolo.

Omanga njanji adasankha kulizemba phiri la Dedza. Njanji yochoka ku Blantyre idafika ku Salima m'chaka cha 1935 podzera m'chigwa, ku Golomoti, ku Mtakataka ndi ku Chipoka, chifukwa sitima siingakwere chitunda chomwe lole imakwera. Zotsatira zake zidali zakuti anthu a boma limodzi adakhala ngati a maiko awiri: a kumtunda akuyang'ana msewu wa Lilongwe ndi Blantyre, a kunyanja akuyang'ana njanji, pakati pawo pali khoma.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja udali limodzi mwa maloto atatu omwe Dr Hastings Kamuzu Banda ankanena kuti adalota ali m'ndende ya Gwelo, ku Southern Rhodesia, komwe adatsekeredwa kuyambira mu Malichi 1959 mpaka mu Epulo 1960. Maloto enawo adali yunivesite ku Zomba ndi kusamutsira likulu la dziko ku Lilongwe. Msewuwo, womwe lero ndi M5, udamangidwa chigawo ndi chigawo kwa zaka zambiri dziko litalandira ufulu, ndipo udalumikiza madera a Mua, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Koma Khwekhwerere adatsalabe wafumbi. Dzina lokhalo likunena zomwe zinkachitika: m'dzinja galimoto zinkakhwekhwerezeka m'matope, ndipo ambiri ochoka ku Lilongwe kupita ku Monkey Bay ankalolera kuzungulira ku Salima kusiyana n'kuika moyo pachiswe. Phula adadzafika m'zaka za m'ma 2000, pomwe msewu wa Masasa, Golomoti mpaka Monkey Bay udamangidwa ndi thandizo la maiko a European Union.

Mwana wobadwa phula atathiridwa kale akhoza kuyesa kuti msewuwu udakhalapo chikhalire. Ayi. Kuchokera pomwe ansembe adafika ku Mua kufikira pomwe minibasi idayamba kutsika phirili paphula, padadutsa zaka pafupifupi 100. Chinthu chodikiridwa chotere sichoyenera kuchiseweretsa.

Ambiri amadandaula kuti msewuwu uli ndi makona ochuluka, ngati kuti omanga adangofuna kuzunza madalaivala. Zoona zake ndi masamu wamba. Lole yodzaza katundu imafuna chitunda chopendekeka pang'onopang'ono. Ngati msewu ukutsika mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, kuti utsike mamita 1,000 pafunika makilomita 12. Phiri likakhala kuti silikupereka mtunda wotere molunjika, injiniya amaupinda msewuwo uku ndi uku ngati chingwe, kuti utalike. Kona iliyonse ndi mtengo womwe udalipiridwa kuti galimoto ithe kukwera.

Pomanga, mbali ya kumtunda amasema phiri, mbali ya kumunsi amathira dothi n'kulitsendera, kwina n'kumanga khoma la miyala kapena kuunjika miyala m'mabokosi a waya kuti dothi lisatsetsereke. Izi zikutanthauza kuti msewu wa m'phiri uli ndi adani mbali zonse ziwiri: kumtunda miyala ikhoza kugumukira pamsewu, kumunsi dothi likhoza kuchoka n'kusiya phula ali lende.

Mdani wamkulu pa onse ndi madzi. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo msewu wa m'phiri umadula makwawa ambirimbiri. Pa khwawa lililonse pamaikidwa kalavati yodutsitsa madzi pansi pa msewu, ndipo m'mbali mumakumbidwa ngalande zowatsogolera kumeneko. Ngalande ikadzaza mchenga, zinyalala ndi mapepala apulasitiki, madzi amakwera pamsewu, n'kulowa m'ming'alu ya phula, n'kufewetsa dothi la pansi. Poyamba pamaoneka kadzenje kokwana mbale. Mvula ya chaka chotsatira ikamatha, theka la msewu limakhala lili kuphedi. Ntchito yomwe ikadatheka ndi anthu khumi a mafosholo m'mwezi wa Okutobala imasanduka ya makina ndi ndalama zankhaninkhani m'mwezi wa Febuluwale.

Mvula ya masiku ano nayo siyochitira masewera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa ndi kuononga damu la magetsi la Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ndipo misewu ndi milatho yambiri ya m'chigawo cha kummwera idakokoloka. Palibe lamulo loti mvula yotere izingogwa kummwera kokha. Tsiku lomwe idzagwe m'mapiri a Dedza, chomwe chidzapulumutse msewu ndi ngalande zotseguka komanso mitengo yomwe idzakhale itatsala.

Nkhani ya mitengo ndi yowawa chifukwa imakhudza mphika wa munthu wosauka. Zitunda za m'derali, kuphatikizapo nkhalango ya Mua-Livulezi yomwe idatetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, zidali zodzaza ndi mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi mombo. Mizu ya mitengo imagwira dothi, masamba ake amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, ndipo madzi amapeza mpata wolowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Koma msewu wabwino womwewo ndiwo udafupikitsa ulendo wa thumba la makala kupita m'tauni. Wootcha makala sachita izi chifukwa chodana ndi msewu. Amachita chifukwa kunyumba kulibe ufa. Komabe phiri likameteka, woyamba kulira ndi iye yemwe, chifukwa munda wake ndiwo umakokoloka ndipo msewu womwe amagulitsirapo ndiwo umaduka. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, koma kulanda matumba pa lodibuloko kokha sikungabwezeretse phiri. Wogula makala ku Lilongwe ndi ku Dedza Boma ali ndi gawo lake pamlanduwu, ndipo a m'midzi ya m'phiri akufunika njira ina yopezera ndalama, kaya ndi ulimi wa njuchi, nazale za mitengo kapena maganyu olipidwa osamala msewu womwewo.

Mdani wina ndi dzanja la wakuba. M'misewu yambiri ya dziko lino zikwangwani ndi zitsulo zotchinga m'mbali zimazulidwa usiku n'kukasanduka makasu, mbaula, zitseko ndi zipangizo za ngolo. Waya wa mabokosi a miyala nayenso amadulidwa. Pamsewu wa m'chigwa, kusowa kwa chitsulo ndi vuto; pa kona ya m'phiri ndi imfa. Chitsulo chimenecho ndicho chokhacho chili pakati pa minibasi ya anthu 16 ndi phompho. Wogula khasu losulidwa kuchokera ku chikwangwani cha pamsewu adzifunse ngati mtengo wotsikawo ukuposa moyo wa mlongo wake yemwe adzakwere galimoto mawa.

Palinso kulemetsa katundu. Kafukufuku wotchuka yemwe adachitika m'chigawo cha Illinois ku America pakati pa 1958 ndi 1960 adapeza kuti kulemera kogwera pa mzere umodzi wa matayala kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Lole imodzi yosenza mopyola muyezo imadya msewu kuposa galimoto zazing'ono mazanamazana. Choopsa china n'chakuti lole yotereyo ikamatsika phiri, mabuleki amatentha, ndipo akatentha kwambiri amaleka kugwira. Dalaivala wodziwa ntchito amatsika Khwekhwerere pa giya yaikulu mphamvu, injini n'kumagwira galimoto, phazi n'kumangothandizira. Wofuna kupulumutsa mafuta potsika galimoto ili pa fili amakhala akuchita juga ndi miyoyo ya eni. Kuthamanga sikufika, ndipo m'phiri mawu amenewa si mwambi chabe.

Maiko ena adaphunzira phunziroli mowawa. Amalawi omwe adagwirako ntchito ku Cape Town akuudziwa msewu wa Chapman's Peak, wosemedwa pathanthwe pamwamba pa nyanja yamchere. Udamangidwa ndi akaidi kuyambira 1915 ndipo udatsegulidwa m'chaka cha 1922. Mu Januwale 2000 udatsekedwa miyala itagumuka n'kupha munthu, ndipo udakhala wotseka mpaka Disembala 2003, atamanga maukonde a zitsulo ogwira miyala ndi madenga a konkire m'malo oopsa. Kuyambira pamenepo odutsapo amalipira, ndipo nyengo ikaipa msewuwo umatsekedwa. Ngati dziko lachuma ngati South Africa lidakhala pafupifupi zaka zinayi likukonza makilomita 9 okha, dziko lino lingakhale zaka zingati Khwekhwerere atagumuka?

Funso limeneli lili ndi eni ake. M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mabungwe awiri m'malo mwa National Roads Authority: la Roads Authority loyang'anira kumanga ndi kukonza misewu, ndi la Roads Fund Administration losunga thumba la ndalama zake. M'thumbamo mumalowa gawo la ndalama ya lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Kuonjezera apo, mu Novembala 2021 padatsegulidwa chipata cholipiritsa galimoto pa Chingeni m'boma la Ntcheu, ndipo mu Januwale 2022 china chidatsegulidwa pa Kalinyeke m'boma la Dedza lomweli. Mlimi wa kachewere salipira pachipata ndi dzanja lake, koma ndalamayo imabisala m'mtengo wa thiransipoti womwe mwini lole amamutchula. Choncho ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama yake yagwira ntchito yanji.

Boma likhoza kuyankha kuti misewu yofuna kukonzedwa ndi yambiri pomwe ndalama ndi zochepa, ndipo pali madera omwe sadaonepo phula chiyambire. Yankho limeneli lili ndi choona chake. Koma kuchepa kwa ndalamako ndiko chifukwa chenicheni choyambira kusamala zomwe zilipo kale. Kutsegula ngalande, kumata ming'alu ndi kubwezeretsa zitsulo n'kotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi kumanganso msewu wogumuka. Vuto n'lakuti ntchito yotere ilibe mwambo wodula kansalu, ilibe magule ndiponso siyikopa mavoti. Andale a zipani zonse amakonda kuika mwala wa maziko kuposa kulipira anthu ofukula mchenga m'kalavati. Maganizo amenewa ndiwo ayenera kusintha.

Zofunika kuchita sizachilendo. A Roads Authority aonetsetse kuti chaka chilichonse mvula isanagwe, ngalande ndi makalavati onse a kuyambira pa Masasa mpaka pa Golomoti atsegulidwa, ndipo ntchitoyo ipatsidwe kwa magulu a m'midzi yoyandikana ndi msewu, olipidwa panthawi yake. Munthu yemwe amadyera pamsewu salola mnzake kuzula chikwangwani. A Roads Fund Administration azilengeza m'Chichewa, pawailesi ndi m'nyuzipepala, ndalama zomwe zatoleredwa pa Kalinyeke ndi pa Chingeni komanso misewu yomwe zapitako. M'malo otsetsereka kwambiri muganiziridwe tinjira tapambali todzaza mchenga ndi timiyala, tomwe lole yoduka mabuleki imalowamo n'kutitimira m'malo mokagwera kuphedi, monga zilili m'misewu ya m'mapiri ya maiko ena. Sikelo zoyendayenda zoyezera kulemera kwa malole zizifikanso m'misewu yapambali, osati mu M1 mokha. Apolisi apamsewu aziyang'ana mabuleki ndi matayala, osati mapepala okha.

Mafumu a m'dera la Inkosi Kachindamoto ndi anzawo a kumtunda ali ndi mphamvu zomwe ofesi ya ku Lilongwe ilibe. Angathe kuletsa kulima ndi kudula mitengo m'zitunda zoyang'anizana ndi msewu, kutsogolera kubzala udzu wa vetiva ndi nsungwi m'makwawa, komanso kuitanitsa kubwalo aliyense wopezeka ndi chitsulo cha pamsewu. Mipingo ndi sukulu za m'derali zingathandize kufalitsa uthengawu. Mutu umodzi susenza denga.

Apaulendo nawonso asamangokhala chete. Mayi yemwe wakwera minibasi yodzaza mopitirira, matumba ali mpaka kukhomo, ali ndi ufulu wotsika pa Masasa phiri lisanayambe. Bambo yemwe waona kuti dalaivala akununkha kachasu ali ndi udindo wolankhula, ngakhale kondakitala atamunyoza. Kuchedwa kufika pamsika kumapweteka tsiku limodzi, maliro amapweteka banja moyo wonse.

Chomwe chili pachiswe n'chachikulu kuposa phula. Kumunsi kwa phirili kuli sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala pafupifupi 800, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Kuli malo opangira magetsi a dzuwa a Golomoti a mamegawati 20, omwe adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Kuli chipatala cha Mua ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka cha 1976. Patsogolo pake kuli doko la Monkey Bay ndi Cape Maclear komwe alendo amasiya ndalama. Kumtunda kuli minda ya ndiwo zamasamba yomwe imadyetsa mizinda, ofesi za boma ndi chipatala chachikulu cha Dedza. Zonsezi zimalumikizana ndi kamzere kamodzi ka phula kopindikapindika m'mbali mwa thanthwe.

Makolo adakwera phirili ndi katundu pamutu, ana awo adakankha malole m'matope, ndipo zidzukulu zidalandira msewu wa phula. Mbadwo uno sukupemphedwa kusema thanthwe ndi piki. Ukungopemphedwa kufukula ngalande, kusiya mitengo ndi zitsulo pamalo pake, kusenza katundu woyenera ndi kufunsa komwe ndalama za pachipata zikupita. Mvula ya chaka chino isanayambe kugunda kumapiri a Bembeke, ntchito ya mafosholo ikhale itayamba pa Khwekhwerere.